Makumba Amene Ndinathira mu Rukuru

Amuna anga atakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, anabwera ndi bwato.

Kuno ku Mzimba munthu akamachokera ku Joni, anthu amayamba ayang'ana pamwamba pa galimoto, nkhope yake amaiona pambuyo. Amafuna aone malata, masofa, njinga yamoto, kapena firiji, ngakhale kumudziko magetsi kulibe. Ine kwathu ndi ku Kasungu, kuno ndinangokwatiwako, koma khalidwe limeneli ndinaliphunzira msanga, moti tsiku limenelo nanenso maso anali m'mwamba. Galimoto ya transipota itaima pamsewu wa ku Euthini, anamasula zingwe n'kutsitsa chinthu chachitali, chachikasu, chosongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Apongozi anga aakazi anayamba kulira. Iwo ankaganiza kuti ndi bokosi la maliro la mtundu watsopano, ndipo anafunsa kuti kodi watisiyayu ndi wa kwa yani. Anatonthola ataona mwana wawo akutsika wamoyo, koma atamva kuti katundu wamkulu ndi yemweyo, anatsala pang'ono kuyambiranso.

Amuna anga anati chinthucho dzina lake ndi kayaki. Anawapatsa ndi bwana amene ankamusamalira maluwa. Loweruka lililonse bwanayo ankawatenga kumitsinje ya kumeneko kuti azikamunyamulira bwato, kenaka anawaphunzitsa kupalasa ndi kuwedza, ndipo posamuka anawasiyira zonse: bwatolo, nkhafi ya mitu iwiri, ndodo yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, ndi kabokosi ka nyambo. Nyambozo sizinali nyongolotsi kapena ziwala ayi. Zinali tinsomba tapulasitiki ta maso ofiira, tina tokhala ngati tisupuni tonyezimira, kalikonse ndi mbedza zake kumchira. Mwana wathu wamkazi, amene bambo ake ankangowadziwira pa foni, anapempha tiwiri kuti azivala m'makutu.

Sindibisa, bwatolo linandipsetsa mtima, poti denga lathu linkadontha mbali ya kuchipinda. Koma mtima unatsika msanga chifukwa munthu anali atabwera. Zaka zonsezo ndinalima ndekha, ndinagona ndekha, mwana akatentha thupi ndinathamanga naye ndekha kuchipatala. Ndinkafuna akhale, basi. Iwo anali atanena pamaso pa abale kuti abwera kudzaona ngati kuno kungakhalike, ndipo zikakanika abwerera mvula isanagwe.

Tsono mawu akuti "musapite" mkazi wa kuno sawatulutsa. Ku Joni ndiye kumunda kwa amuna a ku Mzimba. Mkazi woletsa mwamuna kupita amati akutsekera banja lonse mwayi, ndipo akakhala wobwera ngati ine, mawa lake mudzi wonse umamva kuti wamudyetsa mankhwala. Ndiye ndinatseka pakamwa, n'kumangophika ndiwo zimene amakonda.

Inali nthawi yotentha, Rukuru ataphwa n'kutsala maiwe, apa madzi, apo mchenga. Dziwe lathu ndi lalitali ndithu. Mbali ya kumudzi kuli mwala wafulati pamene amayi timachapira ndi kutsukira mphale, mbali inayo kuli bango ndi mtengo wa mkuyu umene unagwera m'madzi kalekale. M'mawa uliwonse amuna anga ankasenza bwato lija pamutu, anthu akuwatsata pambuyo. Kunena chilungamo, ankatha. Akakhala mmenemo ankasanduka munthu wina amene ine sindinkamudziwa: msana chilili, nkhafi ikulowa uku ndi uku osamveka phokoso, bwato likungotsetsereka mpaka pafupi ndi mkuyu uja. Ankaponya kanyambo kaja m'mphepete mwa bango, n'kudikira kamire pang'ono, kenaka n'kumakulunga chingwe pang'onopang'ono, kuima, kugwedeza ndodo, kukulunganso. Kunyumba ankandifotokozera kuti makumba nthawi yotentha amakumba tizisa pansi, ndipo kanthu kakadutsa pafupi amakaluma chifukwa cha ukali, osati njala. Anati chinsinsi chake ndi kufika mwakachetechete, n'chifukwa chake bwato lotere limaposa kuima pamtunda. Akamanena zimenezi maso ankawala, ine n'kumavomera ngati ndikumva.

Koma nsomba ayi. Sabata yoyamba anakoka nthambi, thumba la shuga, ndi patapata mmodzi wa kumanzere. Chimene iwo sankadziwa, kapena ankadziwa koma osafuna kuvomera, n'chakuti pa zaka zimene anachokazo dziwelo anthu analisesa ndi maneti a udzudzu. Munatsala matemba ndi milamba yamanyazi yobisala m'matope. Amalume awo, nkhalamba imene imawedza ndi nyongolotsi pandodo ya nsungwi, ankakhala pamtunda ndi timatemba tawo titatu, n'kumawaitana.

"Muphwa, nsomba za kuno n'zakumudzi chomene. Pulasitiki sizinamuonepo. Mbwenu yesani kuzilankhula Chizulu, mwina zimva."

Anthu ankaseka, amuna anga nawonso n'kuseka, koma ine ndinkaona kuti kuseka kwawo kukufupika tsiku ndi tsiku. Masana ena, ndikusenda mbatata kuseri kwa nyumba, ndinawamva akulankhula pa foni ndi transipota uja. Anamuuza kuti awasungire malo pa ulendo wa Lachinayi lomaliza la mwezi wotsatira. Mpeni unandicheka chala osamva kuwawa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nkhani sinali ya ndiwo. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zothirira maluwa a munthu wina, chinthu chimodzi chokha chimene anabwera nacho chomwe ankanyadira chinali luso limeneli, ndipo mudzi unali ukuliseka. Ndinaganiza kuti akangokoka nsomba ziwiri zitatu zooneka, anthu akuona, mtima ukhala pansi, ndipo mwina miyendo nayo ikhala pansi.

Kudambo, kuseri kwa tchalitchi, kunkakhala aphunzitsi ena opuma ntchito amene anakumba dziwe n'kumaweta makumba. Nsomba zawo ankazikonda kuposa mmene ankakondera ana asukulu. Ndinapita ndi tambala ndi msoti, n'kuwauza kuti ndikufuna makumba amoyo, akuluakulu, ndipo asandifunse mafunso. Anandifunsa mafunso ambiri. Nditawauza zoona zake, anaseka mpaka kuvula magalasi, kenaka analumbira kuti nkhaniyi athera nayo kumanda. Anatenga beseni la madeya, naligogoda ndi kamtengo, ndipo madzi onse anawira nsomba zikuthamangira kumtunda. Ine ndinangosirira kuti nsomba zaulemu bwanji, zoitanika. Sindinaganize china chilichonse.

Ntchito inali kuzifikitsa kumtsinje. Mzimayi amapita kumadzi ndi ndowa yopanda kanthu, n'kubwerako nayo yodzaza. Ine ndinayenera kupita nayo yodzaza, koma ndikuyenda ngati ilibe kanthu. Ndinathira madzi ndi nsomba zisanu m'ndowa yaikulu, pamwamba ndinasanjika beseni la zovala, n'kumayenda mwachangu, manja akugwedezeka, khosi likulira. Nsomba nazo sizinkadziwa kuti ndi chinsinsi. Zinkamenya ndowa ndi michira, madzi akundichucha kumsana. Ulendo wachiwiri ndinakumana ndi apongozi panjira. Ndinayenera kugwada kuwapatsa moni monga mwa mwambo, ndowa ili pamutu, ndipo mawondo atafika pansi nsomba imodzi inachita phaa m'katimo. Ndinayamba kutsokomola mwamphamvu, n'kumadziguguda pachifuwa. Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, naona thukuta, naona kupuma kwanga, n'kumwetulira. Madzulo ake anauza amayi anzawo kuti mpongozi wawo ali ndi pakati.

Maulendo anakwana anayi, masiku awiri, nthawi imene amuna anga ankakhala atapita kumunda kukasosa. Ndinkakathira kuseri kwa bango, pafupi ndi mkuyu uja, ndipo nsomba iliyonse ndinkailangiza ikamatuluka m'ndowa kuti ikaona kanthu konyezimira isachite manyazi.

Loweruka m'mawa ndinawadzutsa ndekha amuna anga. Ndinati ndalota nsomba, asachedwe. Anandiyang'ana modabwa, poti sindinalimbikitsepo za bwatolo, koma anasenza n'kupita. Ine ndinatenga mphale yanga n'kutsatira, mtima ukugunda ngati ndikupita kukaona zotsatira za mayeso. Pamwala paja ndinapeza amayi asanu ndi mmodzi, apongozi ali pomwepo. Amuna anga anali kale pakati, akuyandikira mkuyu mwakachetechete monga mwa luso lawo. Anaponya koyamba, palibe. Kachiwiri, palibe. Ine ndinkangoti m'mtima, dikirani, zikubwera.

Zinabweradi, koma osati kwa iwo. Mayi wina atatha kutsuka mphale anakhuthula madzi oyera aja mumtsinje, n'kugogoda beseni lake pamwala kuti zotsalira zigwe. Nthawi yomweyo madzi anayamba kuyenda mizeremizere kuchokera kubango kubwera kwa ife. Nsomba zanga zija zinamulambalala mwini bwato, zina kudutsa pansi pake penipeni, n'kufika pamiyendo yathu, pakamwa kukamwa, kudikira madeya. Moyo wawo wonse zinkadziwa chinthu chimodzi chokha: beseni likalira, chakudya chili kumtunda.

Amayi anayamba akuwa, kenaka anakumbukira kuti ndi ndiwo. Wina anavula chitenje chapamwamba, awiri n'kugwira uku ndi uku, kukokolola kamodzi kokha, makumba atatu onenepa. Wina anavundikira ndi dengu. Apongozi anga, amene amadandaula mawondo akamapita kutchalitchi, analowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kugwira imodzi ndi manja. Ine ndinaima ndi beseni langa ngati mtengo, ndikuona tambala wanga ndi msoti wanga akulowa m'madengu a anthu. Nditakweza maso ndinaona amuna anga atasiya kuponya. Ndodo inali pamiyendo, bwato likungozungulira lokha, iwo akuyang'ana amayi awo.

Apongozi anakweza nsomba ija m'mwamba kuti mwana wawo aone bwino.

"Mwana wane, tulukamo m'chinthu chakocho. Somba zili kuno kwa amayi ako."

Sanatero mwa nkhanza, ankafuna mwana adye. Koma amalume aja anagwa chagada ndi phwete, ndipo pofika masana nkhani inali itafika pamsika. Ena ankati bwato lachikasu limathamangitsa nsomba, ndiye azibwera nalo tsiku lililonse kuti amayi azipha. Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowe. Ndimati ndiwakweze, koma ndinawavula pagulu kuposa mmene mtsinje unawavulira.

Apongozi anatigawira ziwiri, ndipo ndinaziphika ndekha. Tinakhala pansi kudya ndi amuna anga. Anangonena kamodzi kuti nsomba za mumtsinje sizikhala zoyera chotere, komanso mafuta ake achuluka. Ine ndinati mwina n'za mtundu wina, n'kuthamangira kukatenga madzi akumwa amene palibe anapempha.

Chinsinsi cha kumanda chija chinaululika mawa lake lomwelo. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, aphunzitsi aja anawakokera amuna anga pansi pa mtengo, n'kuyamba kunong'ona. Tsoka lake, munthu amene waphunzitsa kalasi ya ana ochuluka zaka zambiri sadziwa kunong'ona. Ndili mbali ya amayi, ndinamva aphunzitsiwo akuwauza kuti asade nkhawa, vuto si luso lawo ayi, kungoti ana awo a m'dziwewo anakula ndi madeya ndipo pulasitiki sakuidziwa, koma akamapita azitenga kabeseni. Amuna anga anatembenuka pang'onopang'ono, nandifunafuna ndi maso pakati pa anthu mpaka anandipeza. Ndinawerama n'kuyamba kukonza lamba wa nsapato imene inalibe lamba.

Lolemba masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kumtsinje sikukhala munthu, amuna anga anati ndiwaperekeze. Titafika anaika bwato pamadzi n'kundiuza kuti ndikwere. Ndinakana. Kwathu ku Kasungu madzi timawadziwa a pachitsime, kusambira sindinaphunzire. Anangoima akugwira bwatolo, osabwereza. Ndinakulunga chitenje, n'kukhala kutsogolo pamalo poika katundu, miyendo nditaipinda, manja atakakamira m'mbali. Bwatolo ndi la munthu mmodzi, ndiye linamira mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa. Anapalasa mpaka kuseri kwa bango, kumene munthu wa pamtunda sangaone kapena kumva, n'kuika nkhafi pamiyendo.

Ndinali nditawapatsa msana, ndipo kutembenuka sindikanatha. Anayamba kulankhula ndi msana wangawo. Anati amalume akaseka, n'zawo. Amayi akaseka, ndi amayi. Koma kuti mkazi wawo afike pogula nsomba n'kukawaikira m'madzi ngati mmene amachitira ndi mwana wolephera kutola nkhuni, ndiye kuti m'nyumba mwawo momwe amaonedwa ngati chitsiru chobwera ndi chidole. Sindinawamvepo akulankhula chotero, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa mbali ina ankanena zoona.

Ndinayesa kuyankha mozungulira. Ndinati ndimafuna anthu asiye kuseka. Anati anthu akuseka kuposa kale. Ndinati ndimafuna asangalale. Anati nanga akuoneka osangalala? Bwato linagwedezeka pang'ono, ine n'kukuwa, ndipo mwina ndi manthawo amene anandimasula lilime. Ndinaona kuti pano palibe apongozi, palibe alamu, palibe mudzi, ndipo ngati ndimira, ndimire nditanena.

"Bambo, ine nsomba sindikuzifuna. Ndinakumvani pa foni. Sindikufuna mupite. Ndatopa kukhala mkazi wa pa foni. Musapitenso, ndapota."

Ndinkangomva madzi akugunda pansi pa bwato. Ndinadikira kuti andikalipire, andiuze za malata, za fizi ya mwana, za anzawo amene amanga nyumba za njerwa zowotcha. M'malo mwake ndinamva akupuma mozama kumbuyo kwanga.

"Mama, chibwerereni ine, aliyense wondipatsa moni amandifunsa kuti ndibwerera liti. Amayi, amalume, abusa, onse. Inu simunafunse, komanso simunanene kanthu. Mbwenu ndinati nanunso mukudikira tsiku."

Ndinalira pamenepo, misozi yeniyeni, osatha kuipukuta chifukwa manja onse anali atagwira bwato. Iwo anandiuza zina zimene sananenepo pa foni: za kachipinda ka malata kamene ankagonamo anthu asanu, za kuthawa apolisi mapepala atatha, za mnzawo wa ku Jenda amene anabwerera kwawo m'bokosi lenileni. Sanalonjeze chilichonse. Atatha anatenga ndodo, naponya kanyambo kaja pafupi ndi mkuyu ngati palibe chachitika, n'kundiuza kuti ndisiye kugwedezeka, ndikuthawitsa nsomba. Ndinati nsomba zake ziti, poti zonse zinadyedwa Loweruka. Apo m'pamene anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka madzi analowa m'bwato n'kundinyowetsa chitenje chonse.

Masiku otsatira sitinaikambenso nkhaniyo. Amuna anga sanamuimbire transipota kuti afafanize dzina, ndipo ine sindinafunse, poti zanga ndinali nditanena. Apongozi anayamba kukazinga mtedza wa paulendo. Alamu anga anabweretsa makalata ndi timaphukusi toti akapereke kwa abale kumeneko. Lachitatu amuna anga analongedza chikwama, n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Ndinachilambalala tsiku lonse osachikhudza, ndipo nsima ya tsiku limenelo ndinaiphika yosapsa.

Lachinayi m'mawa ndinadzuka n'kupeza kumbali kwawo kulibe munthu. Chikwama chinali pomwepo. Ndinatuluka kukayang'ana kuseri kwa nyumba kumene bwato limatsamira, n'kupeza palibe. Dzuwa litakwera pang'ono galimoto inafika pamsewu n'kuyamba kuimba hutala. Apongozi anabwera akuthamanga ndi mtedza wawo, nafunsa kuti mwana wawo ali kuti. Ndinati sindikudziwa bwino, koma mwina kumtsinje. Tinapita tonse, apongozi, alamu, amalume, ngakhale transipota mwiniwake atatsika ndi makiyi m'manja.

Amuna anga anali pakati penipeni pa dziwe, atatipatsa msana, akukulunga chingwe pang'onopang'ono. Apongozi anaitana. Alamu anaitana. Transipota anakuwa kuti iye sadikira munthu, ku Jenda kuli ena akumudikira. Amuna anga anatembenuza mutu pang'ono, naika chala pakamwa kuti tikhale chete, n'kuponyanso. Panalibe wodziwa kusambira woti akawatenge. Transipota anatukwana pang'ono, nabwerera kumsewu, ndipo posakhalitsa tinamva galimoto ikulira, phokoso likuchepa mpaka kutha.

Apongozi anatembenukira kwa ine, maso ali ndi mafunso ambiri. Ndinagwada mwaulemu, n'kunena kuti ndasiya madzi pamoto. Ndinayenda bwinobwino mpaka pamene bango linandibisa, kenaka ndinathamanga ngati kamtsikana. Nditafika m'nyumba ndinatsegula chikwama chija, ndinatulutsa malaya awo limodzilimodzi, n'kuwapachika pachingwe pamodzi ndi anga.